Zitini za Simenti za Amalume

Nkhani iyi sindinauzepo munthu aliyense. Mkazi wanga anapita kumanda osaimva, ana anga saidziwa. Ngakhale tsiku lija aphunzitsi a sukulu ya kwacha anatiuza kuti aliyense alembe chinthu chimodzi chimene amakumbukira cha paubwana wake, ine, bambo wa imvi kale m'masaya, wogwira pensulo ngati nkhafi, ndinalemba za ng'ona imene inagwira mbuzi yathu. Ndinathawa dala. Chimene ndinkakumbukira chinali chitsulo chachitali chochokera ku ngolo yakufa, chokhala ndi zitini ziwiri za penti zodzaza simenti, chimodzi mbali iyi, china mbali iyo. Chitini chimodzi chinali chobiriwira, chinzake dzimbiri linali litadya mtundu wake wonse. Pakati pa chitsulocho panali malo awiri osalala, owala, pamene manja a amalume ankagwira. Ndikatsinzina lero ndimamvabe fungo lake: dzimbiri, thukuta, ndi fumbi lotentha la pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi.

Kwathu ndi kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri. Bambo anali atamwalira, tinatsala atatu: amayi, mkulu wanga ndi ine. Ndiye mwera utangoleka kukuntha anatulukira amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene anapita ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe, osalembako kalata ngakhale imodzi.

Anzawo ochokera kumeneko ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete onunkhira sitolo. Amalume anabwera ndi sutikesi imodzi yopepuka, ndi thupi. Thupi limenelo ndi limene linayamba kusowetsa anthu mtendere. Khosi ngati la ng'ombe ya pangolo, mapewa otsekereza khomo, mikono yoti malaya ankachita kulira akapinda chigongono. Kwathu kunali amuna amphamvu, okoka khoka tsiku lonse, koma anali owuma ngati nkhuni. Thupi la amalume linali la mtundu wina, ndipo anthu ankafunsana kuti munthu wobwera chimanjamanja angakhale bwanji ndi thupi lotero. Zaka zonsezo ankadya chiyani? Nanga anasiya chiyani kumeneko kuti apatsidwe zimenezi?

Amayi anawapatsa kanyumba ka kuseri kamene tinkasungamo maukonde akale a bambo. Sanawapatse ndi mtima wonse. Mwa mwambo wathu amalume ndiwo akanakhala mwini mbumba, koma munthu amene sanaoneke pamaliro a mayi ake omubereka sangayambe kulamula pakhomo. Ankakhala ngati mlendo. Amayi ankawapatsa chakudya paokha, ndipo mbale yawo ankaitsuka payokha.

Pasanathe milungu iwiri amalume anakapempha simenti yotsala kwa anthu amene ankakonza kalavati kumsewu. Anapanga zonyamula ziwiri: chachikulu chija cha chitsulo cha ngolo, ndi chaching'ono cha mtengo wouma, chokhala ndi zitini za mkaka. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse, mawu oitanira anthu kumzikiti akangotha, kuseri kwathu kunkamveka phokoso lachilendo. Fuuu. Kenako chete. Fuuu. Kenako chete. Azimayi opita kukatunga madzi ankachedwetsa mapazi, ndowa zili pamutu, makutu ali kuseri kwa mpanda wathu.

Muyenera kumvetsa mmene zinalili kwathu. Munthu ankanyamula chinthu kuti apite nacho kwina: thumba la mpunga kunkhokwe, bwato kumadzi. Kunyamula chinthu cholemera n'kuchibwezera pamalo pomwepo, kuchinyamulanso n'kuchibwezeranso, tsiku ndi tsiku, popanda wokutuma, zimenezo zinali za wamisala kapena za munthu wouzidwa ndi sing'anga. Ndiponso mwamuna wa kwathu akamakweza bwato ankatseka pakamwa n'kuluma mano. Kutulutsa mpweya pamaso pa anzako kunali kuvomera kuti walephera. Tsono uyu, wamphamvu kuposa onse, ankafwenthera ngati mphiri.

Mphekesera zinayamba pang'onopang'ono. Ena ankati m'zitinimo munakwiriridwa kanthu. Ndani anaonerera pamene ankathira simenti? Ena ankati mpweya uja ndi chakudya cha kanthuko. Mwana wa pakhomo loyandikana atadwala chifuwa, mayi ake anasiya kudzera njira ya kuseri kwathu. Tsiku lina ndinapeza amayi atawerama pafupi ndi chitini chobiriwira, akuchigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Atandiona anadzuka msanga n'kunena kuti akufuna nkhuku yawo.

Mkulu wanga anali ndi zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, wowonda, wofatsa ngati bambo. Pakhomo pathu panalibe wolandira gawo la nsomba chimwalirire bambo, ndipo iye anapita kwa mwini khoka kukapempha malo pa chingwe. Mwini khoka anamutsina mkono pamaso pa alovi onse, amuna okoka khoka lake.

"Bango ili likakoka chiyani? Ubwerenso mvula ikayamba, tione ngati lasanduka nsungwi."

Alovi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mkulu wanga anabwera kunyumba osayang'ana munthu. Amalume atamva anauza amayi kuti awapatse mnyamatayo kwa miyezi itatu yokha, mwini khoka adzachita kumuitana yekha. Amayi anali akusenda chinangwa. Kenako analoza amalume ndi mpeni umene unali m'manja mwawo.

"Mlongo wanga, ndakusungani anthu akundinena. Mwana wangayu akangovulala ndi zinthu zanuzo, mudzabwerera kumene mwachokera. Sindidzabwerezanso."

"Ndamva, achemwali," anatero amalume.

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga. Sindinganame kuti sindinkadziwa chimene chikanachitika.

Maphunziro anayamba ndi chonyamula chaching'ono. Amalume sankalola kuti mkulu wanga akhudze chachikulu. Ankamuimika miyendo yotangadza pang'ono, msana wowongoka, mtengo uli pachifuwa, n'kumuuza kuti aukweze pamwamba pa mutu kasanu ndi katatu, apume, ayambirenso. Koma chimene ankalimbikira kuposa zonse chinali mpweya. Mawu awo ndimawasunga ngati anandiuza dzulo: "Pokweza tulutsa, potsitsa koka. Pakamwa pasatsekeke." Mkulu wanga akaiwala n'kuluma mano monga mwa chizolowezi cha kwathu, amalume ankamugwira mphuno mwachipongwe n'kunena kuti, "Ukusungira ndani mpweyawo? Ukufuna kukagulitsa kuboma?" Mkulu wanga ankanyamula tsiku limodzi, tsiku lotsatira kupuma. Amalume ankati mnofu sumera pamene ukunyamula koma pamene wagona utakhuta. Ankamukazingira mtedza, ankamupezera usipa, ndipo dzira lililonse limene nkhuku ya amayi inaikira linkapita kwa mkulu wanga.

Ine ndinalibe gawo pa zonsezi. Nditapempha kuti ndinyamuleko, amalume anandigwira dzanja, kulitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti mafupa anga akadali anthete, ndidikire. Zinandipweteka, chifukwa ine sindinali mwana wamba. Ndinali ndi ntchito yanga kunyanja. Pamene Bua amathira pali zitsa ndi mitengo yobwera ndi madzi, ndipo khoka likakodwa pansi ankaitana ine kuti ndimire ndikalikole. Palibe mnyamata amene ankakhalitsa pansi pa madzi ngati ine. Alovi ankandiwerengera ali m'bwato, ndikavuuka ankandiwombera m'manja. Chinsinsi changa chinali chimene omira onse a kwathu ankachita: kukoka mpweya kambirimbiri mofulumira mpaka zala kuchita dzanzi, kenako kukoka komaliza n'kutseka. Kwa ine mphamvu zonse za munthu zinali mu mpweya wotsekeredwa m'chifuwa. Ndinawauza amalume zimenezi monyada. Anaseka.

"Pansi pa madzi ndiwe mfumu, mphwanga. Koma kuno kumtunda mpweya ulipo wambiri, sitiumira."

Kuseka kumeneko ndiko kunandilowetsa m'munda wa chinangwa. Munda wa amayi unkafika mpaka pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo pakati pa mizere panali malo amene ndinkatha kugona chafufumimba osaoneka. Ndinayamba kupitako m'mawa uliwonse. Nyerere zinkandiluma m'mimba, masamba a chinangwa ankandiyabwa m'khosi, koma ndinkapirira. Ndinkadziuza kuti ndikulondera mkulu wanga. Ndinkadziuza kuti ngati m'zitinimo muli kanthu, ine ndiye ndidzayamba kukaona. Lero ndikudziwa kuti ndinkangofuna kuwapeza amalume ndi cholakwa, chilichonse.

Ndipo ndinachipeza. Masiku amene mkulu wanga ankanyamula, amalume ankamuonetsa ndi chonyamula chaching'ono, akufwenthera mokweza kuti fuuu, fuuu. Koma masiku amene iye ankapuma, amalume ankatsala okha ndi chitsulo chachikulu. M'mawa wina ndinayang'anitsitsa pakamwa pawo. Anawerama, anagwira chitsulo, anakoka mpweya wambiri, n'kutseka pakamwa kuti gwa. Mimba inauma ngati thabwa, mitsempha ya m'khosi inatupa. Chitsulo chinachoka pansi, chinafika pachifuwa, pakamwa pali chitsekere. Mpweya unatuluka chitsulo chili kale m'mwamba, pang'onopang'ono, kudzera m'mano.

Ndawagwira. Akakhala okha amatseka, akakhala ndi mkulu wanga amamuuza kuti atsegule. Ndinabweranso kawiri kuti nditsimikize, ndipo kawiri konse ndinaona zomwezo.

Pano ndiyenera kuima pang'ono. Zimene ndinaonazo zinali zoona. Maso anga sananame. Koma sindinawerenge kuti ankatseka kanthawi kochepa bwanji, kuphethira kuwiri kapena kutatu basi. Sindinaone kuti ankakweza kamodzi n'kutsitsa, kupuma bwinobwino, kenako n'kuyambiranso. Sindinaganize kuti munthuyo anali atachita zimenezi zaka zambiri m'komponi ya kumigodi, pamene mkulu wanga anali ndi miyezi iwiri yokha. Ndinaona chidutswa cha choonadi n'kuthamanga nacho. Bodza lenileni likanakhala bwino, chifukwa mwina ndikanachita nalo manyazi.

Tsono nthawi inali itayamba kuthina. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lowotcha mchenga mpaka agalu kuyenda modumphadumpha. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa. Kutsidya kwa nyanja mitambo inayamba kuunjikana masana alionse. Mkulu wanga anali atasinthako: mapewa anali atayamba kuzungulira, ndipo ankanyamula ndowa ziwiri za amayi osapumira panjira. Koma iye sankaziona. Ankadzipima mkono ndi kachingwe ka ukonde kamene anamangapo mfundo, ndipo mfundoyo inkasuntha pang'ono kwambiri. Ndinkamuona akuyang'ana mitambo, kenako mkono wake.

Ndinamuuza tikuchokera kumtsinje, titasenza chinangwa chonyika chimene amayi anatituma. Fungo lake lowawasa linkatitsata ndi ntchentche zomwe.

"Achimwene, amalume akukupusitsani."

Anatembenuka kundiyang'ana, ine ndinapitiriza.

"Akakhala okha amatseka pakamwa. Ndawaona katatu. Inu amakuuzani kuti mutulutse kuti mphamvu zizikuthawani. Simukumva zimene anthu akunena? Mpweya umene mumatulutsawo ukupita kuti?"

"Iwe, usamalankhule za akuluakulu."

"Nanga bwanji amakukanizani chachikulu? Mvula ikubwera. Mukapitanso kwa mwini khoka ndi tizitini ta mkaka?"

Anafulumiza mapazi mpaka tinafika pakhomo. Mawu omalizawo ndi amene anamulasa, ndipo ndinawasankha podziwa kuti amulasa.

Linali Lachisanu. Amalume anali atalawirira kuboma kukafunsa ntchito ya ulonda. Amayi anali kudimba. Amuna ambiri anali kumzikiti, mudzi uli zii, kungomveka nyenje. Mkulu wanga anali asanadye kanthu chidzukire. Anabwera pamene ndinakhala n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiye ukandionetse."

Pansi pa mango panali mthunzi wochepa, wamabowomabowo. Chitsulo chinali chotentha moti anayamba wachithira dothi. Ine ndinaima patsogolo pake ngati mphunzitsi, manja m'chiuno. Ndinamuphunzitsa zonse zimene ndinkadziwa, zimene zinkandisunga pansi pa madzi. Kokani kambiri, mofulumira. Kokaninso. Mukamva zala zikuchita dzanzi, kokani komaliza n'kutseka, osatsegulanso mpaka mutamaliza. Ndinamuuza kuti ndimuwerengera monga mmene alovi amandiwerengera ine.

Anawerama. Chitsulo chinachoka pansi, chinafika pachifuwa. Anachikankha, chinakwera pamwamba pa mutu.

"Kamodzi!"

Ndinakuwa ndi chimwemwe chenicheni. Chitsulo cha amalume, m'manja mwa bango lija! Anachitsitsa pachifuwa, pakamwa pali chitsekere, masaya atatupa. Anachikwezanso.

"Kawiri! Musatsegule, achimwene!"

Nkhope yake inada, mitsempha inatuluka pamphumi ngati mizu. Kachitatu chinakwera monjenjemera, ndipo ndikulumbira kuti maso ake ankaseka. Ndinamuuza kuti awonjezere kamodzi kokha. Chitsulo chinafika pamphumi n'kuima. Mpweya unaphulika pakamwa pake wonse nthawi imodzi. Ndinaona maso ake akutembenuka, kutsala oyera okhaokha, ndipo mawondo anapindika ngati a mbuzi yozingidwa. Anagwa chagada, chitsulo chinamutsata. Phokoso lake linali laling'ono, ngati nkhafi youma ikathyoka.

Sindikumbukira kuti ndinakuwa, koma anthu anabwera. Azimayi anayamba kufika, kenako amuna ochokera kumzikiti, zisoti zili kumutu. Anachotsa chitsulo anthu awiri. Phewa la kumanja linali litalowa m'kati, ndipo fupa la pakati pa khosi ndi phewa linatukula khungu ngati chikhomo. Anamuthira madzi, anatsitsimuka, anayamba kubuula. Amayi anafika akuthamanga, matope a kudimba ali m'miyendo. Anandigwira mapewa n'kundigwedeza kuti ndinene chimene chachitika.

"Anangogwa," ndinatero. "Maso anatembenuka okha. Chitsulo chinachita ngati chikumukoka."

Mawu omalizawo sindikudziwa kumene ndinawatenga. Koma nditangowatchula ndinamva anthu onse akupuma mofanana, ngati ndawapatsa chinthu chimene akhala akudikira. "Tinkanena ife," anatero mayi wina. Wina anati mnyamata wabwinobwino sangatembenuze maso masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe anafunsanso china. Mkulu wanga anamukweza pa ngolo kupita naye kuchipatala.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili m'miyendo, atanyamula kaphukusi ka mtedza. Anapeza pakhomo padzaza anthu, ndipo palibe anawalonjera. Atamva nkhani anaika kaphukusi pansi, anapita kuseri, anakayang'ana chitsulo ndi pamene mkulu wanga anagwera. Atabwerako anagwada pa bondo limodzi kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Ankanunkha thukuta ndi fumbi la mumsewu.

"Mphwanga, unalipo. Pakamwa pake panali potsegula kapena potseka?"

Anthu anang'ung'udza kuti funso lotani limenelo mwana ali kuchipatala. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Sindinaone."

Amalume anakhala chigwadire. Anatembenuza mutu kuyang'ana kumunda wa chinangwa, kanthawi ndithu, kenako anandiyang'ananso ine. Ndinadikira mbama. Sinabwere. Anadzuka, anasasa fumbi pabondo, n'kutembenukira kwa amayi, amene anali atabwerera kudzatenga nsalu ndi ufa zoti apite nazo kuchipatala.

"Wolakwa ndine, achemwali. Ndinasiya chitsulo poyera."

"Munamva zimene ndinanena," anatero amayi, osawayang'ana.

Analowa m'kanyumba kawo, anakhalamo nthawi yaitali kuposa imene sutikesi yopepuka imafuna. Anazungulira kuseri, kenako anatulukira, n'kulowera njira ya kumsewu dzuwa lisanalowe. Anthu anapatuka kuti adutse, ena akukoka ana awo. Mtedza uja unatsala pansi pomwepo mpaka nkhuku zinaboola pepala.

Sitinawaonenso. Patapita zaka tinamva kuti ankalondera sitolo cha ku Dwangwa, ndipo anamwalira komweko, n'kuikidwa ndi anthu achilendo. Amayi sanapite. Mpaka tsiku lawo lomaliza ankakhulupirira kuti anapulumutsa ana awo kwa mlongo wokhwima, ndipo ankandiyamikira ine kuti ndinali maso. Fupa la mkulu wanga linalumikizana mokhota. Dzanja lake la kumanja silinakwerenso kupitirira phewa. Sanakoke khoka, sanapalase bwato. Anakhala wosoka maukonde a anthu ena pansi pa mtengo mpaka ukalamba. Sananenepo kwa munthu kuti ndinamuuza chiyani. Ndinkadziuza kuti kukomoka kuja kunamufufutira zonse. Koma tsiku lina, tonse tili ndi zidzukulu, ndikumuthandiza kutambasula ukonde, anangoti osadzutsa mutu, "Katatu, mng'ono wanga. Unawerenga wekha." Anamwetulira. Sindinadziwe ngati akunyadira kapena akundikumbutsa, ndipo ndinaopa kufunsa. Anamwalira chaka chotsatira.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Chaka chatha ndinadwala sitiroko, dzanja la kumanja linafooka. La kumanja, ngati lake. Kuchipatala ananditumiza kwa mayi wina wachitsikana wochititsa mafizo. Anandipatsa botolo lodzaza mchenga kuti ndizilikweza ndi kulitsitsa kuti mnofu ubwerere. Ndinaligwira, ndinaluma mano otsalawa, ndinatseka pakamwa monga mwa kwathu. Anandigwira paphewa.

"Agogo, musagwire mpweya. Pokweza tulutsani, potsitsa kokani."

Botolo linagwa. Iye anaganiza kuti dzanja lapweteka, anayamba kupepesa. Nditadzigwira ndinamufunsa chifukwa chake. Anandifotokozera moleza mtima kuti munthu akatsekera mpweya uku akukankha cholemera, magazi amathamanga mopanikizika, ndipo akakhalitsa choncho kapena akautulutsa mwadzidzidzi, kumutu kumatha kuperewera magazi, m'maso n'kuda, munthu n'kugwa. Ndinafunsanso kuti nanga amphamvu aja amene amatseka pakamwa? Anaseka, anati alipo ozolowera amene amatseka kanthawi kochepa ponyamula zolemera kwambiri kuti msana ulimbe, koma amachita kuphunzira, ndipo si za oyamba kumene, si za agogo ngati ine. Anandifunsa ngati ndinkanyamula zitsulo pa unyamata wanga. Ndinati ayi, ndinkangoonerera.

M'mawa uliwonse tsopano ndimakhala pakhonde ndi botolo langa, ndikufwenthera kuti fuuu, fuuu. Anthu odutsa amandilonjera bwinobwino. Masiku ano achinyamata amanyamula zitsulo paliponse, palibe amawatcha okhwima. Dzanja labwerera mokwanira kugwira cholembera, ndipo ndaona kuti lisanafookenso lilembe zimenezi.

Koma ndadumpha m'mawa umene unatsatira tsiku lija, ndipo ndi umene umandivuta kwambiri.

Ndinadzuka kusanayere bwino. Amayi anali atabwerako kuchipatala kudzatenga zina, anali akadali m'nyumba. Palibe anandituma. Ndinkangofuna kuti chitsulo chija chichoke, kuti pasapezeke wina wochiyang'ana n'kuyamba kufunsa za pakamwa. Ndinachigubuduza kuchoka pansi pa mango, kudzera m'mphepete mwa munda wa chinangwa, kulowera kumtsinje kumene kunali bwato lakale la bambo. Ndikudutsa pamalo panga pobisalira ndinaona kanthu pakati pa mizere. Chinali chonyamula chaching'ono chija, cha zitini za mkaka, chitagonekedwa bwinobwino pamene mimba yanga inasalaza dothi. Pamtengo wake panali pokulungidwa nsanza malo awiri, oyandikana, poyenera manja a mwana.

Ndinaganiza kuti amalume anditchera mankhwala. Ndinachigwira ndi masamba kuti chisandikhudze khungu, ndinathamanga nacho kukachiponya m'bwato, n'kubwerera kudzatenga chachikulu.

Pagombe chinandikanika. Ndinayenera kukweza mbali imodzi kuti chitini chidutse mlomo wa bwato. Ndinakoka mpweya, ndinatseka, ndinakakamira. M'maso munayamba kuthwanima tinyenyezi, ndinachisiya. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, kupatula kakowa pa chitsa. Ndinatangadza miyendo, ndinawongola msana, ndinakoka mpweya, ndipo pokweza ndinautulutsa. Fuuu. Chitini chobiriwira chinakwera n'kugwera m'bwato. Ndinazungulira mbali inayo. Fuuu. Chadzimbiri chinalowanso.

Ndinapalasa mpaka pakuya, pamene madzi ofiirira a Bua amakumana ndi a nyanja, pamalo pamene ngakhale ine sindinkafika pansi. Ndinayamba ndi chaching'ono. Nsanza zija zinaoneka kanthawi m'madzi, kenako zinazimirira. Chachikulu chinatsala pang'ono kugubuduza bwato. Panatuluka thovu pang'ono, madzi n'kutsekeka.

Nditafika kunyumba amayi anali pakhomo. Anayang'ana kabudula wanga wonyowa, anayang'ana mzere umene zitini zinasiya m'fumbi kuchokera kuseri. Anandisisita kumutu n'kunena kuti ndachita bwino, ndine mwamuna wa pakhomo pano. Nkhuku inali itaikira. Anawiritsa dziralo n'kundipatsa ine.

Ndinakhala pakhonde n'kulisenda, likutentha m'zala. Ndinalidya pang'onopang'ono, ndi mchere, ndikuthokoza mumtima kuti amalume achoka osadziwa kanthu.